MPHINDI 30 ZA KU ROBBEN ISLAND



Munthu akamangidwa, abale ake ambiri amayamba kuyenda chozemba, kuopa kuti dzina lao lingadetsedwe. Koma alipo ena amene sanatero ngakhale njira inali yaminga, ndipo nkhani yao iyenera kumveka pa bwalo lino.

M'chaka cha 1964 a Nelson Mandela anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wao wonse, natumizidwa ku chilumba cha Robben Island, pafupi ndi Cape Town. Boma latsankho linawaika m'gulu D, gulu lotsikitsitsa la akaidi. Mkaidi wa gululi ankaloledwa mlendo mmodzi ndi kalata imodzi pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kuchezako kunali kwa mphindi 30 zokha. Mai Winnie Mandela ankachokera ku Soweto, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400, atayamba apempha chilolezo, pakuti nawonso anali oletsedwa kutuluka m'dera lao. Akafika, pakati pa mwamuna ndi mkazi pankakhala galasi lochindikala, asilikali a ndende ataima kumbuyo. Chilankhulo chao cha Chixhosa chinali choletsedwa: ankayenera kulankhula Chingerezi kapena Afrikaans, ndiponso za pabanja zokha. Akangotchula dzina lachilendo, msilikali ankawadula mau. Atacheza koyamba mu 1964, panapita zaka ziwiri asanaonanenso.

Wina anganene kuti mphindi 30 n'zachabe poyerekeza ndi mtunda wotere. Ameneyo sadziwa ndende. Mkaidi amakhala miyezi akubwereza m'mutu mau aliwonse amene anamva, ngakhale a nsapato ya mwana yothina.

Mai wao a Mandela, a Nosekeni, anawoloka nyanja atakalamba kale, ndipo anamwalira mu 1968. Mwana wao anakanizidwa kupita kumaliro. Mu 1969 anakanizidwanso kukaika Thembekile, mwana wao woyamba, amene anafa pa ngozi ya galimoto. Ana osakwana zaka 16 sankaloledwa pa chilumbapo, kotero kuti mu 1975 zikalata za Zindzi zinasinthidwa kuti aoneke wamkulu, nakaona bambo wake amene anasiyana nao iye ali kamwana.

Tsono kuchezera wandende si ntchito ya banja lokha. Ulendo umadya ndalama, ndipo amene ankadyetsa banja ndiye ali m'kati. Ku London, Canon John Collins ankatsogolera thumba la International Defence and Aid Fund, lolipira maloya ndi kuthandiza mabanja a omangidwa. Boma la South Africa litaletsa thumbali mu 1966, ndalama zinkapitabe mobisa, m'makalata olembedwa ndi anthu wamba a maiko akunja ngati kuti ndi mabwenzi chabe. Ku Cape Town, mipingo inatsegula nyumba ya Cowley House kuti amayi ochokera kutali apeze pogona podikira sitima ya pamadzi. Phungu wa Nyumba ya Malamulo, Mai Helen Suzman, anakafika yekha pa chilumbapo mu 1967 kukamva madandaulo a akaidi.

Mu 1982 a Mandela anasamutsidwira ku ndende ya Pollsmoor. Kumeneko, mu 1984, msilikali analowetsa Mai Winnie m'chipinda chopanda galasi. Zinali zitatha zaka 21 a Mandela asanagwire dzanja la mkazi wao.