Sukulu ndi yaulere, nanga buku la ndalama zake lili ndi ndani?

(Mawu olankhulidwa kwa amalonda a m'misika ya Nyimba ndi Petauke)

Ndiyambe ndi kupereka ulemu kwa a mfumu Ndake, eni dziko lino. Zikomo kuti mwavundikira katundu wanu pang'ono. Ndikudziwa kuti makasitomala sayembekeza munthu, ndiye sindichedwa.

Lero nkhani ndi ya sukulu za ana anu: amaziyendetsa ndani, ndalama zake zimachokera kuti, ndipo ana akutulukamo ndi chiyani.

Mu January 2022 boma la a Hakainde Hichilema linachotsa mafizi kuyambira ku nasale mpaka giredi 12. Ndalama ya PTA inachoka, ya mayeso nayo inachoka, kupatula kwa olemba GCE ndi ena olembera kunja. Izi zinawonjezera pa zomwe a Levy Mwanawasa anayamba mu 2002 pamene anamasula giredi 1 mpaka 7. Chaka chomwecho cha 2022 analemba ntchito aphunzitsi 30,496. Ife ndife otsutsa, koma sitinganame kuti izi ndi zoipa. Mayi amene ankatenga kaloba January aliyense kuti mwana alowe giredi 8 anapumako, ndipo boma likuti ana opitirira 2 miliyoni anabwerera m'kalasi.

Koma pali chinthu china chimene chinapita pamodzi ndi mafizi, ndipo palibe anachilengeza pa wailesi. Kale mukalipira, ankakupatsani lisiti. Tsiku la miting'i ya PTA munkatseka tebulo, n'kupita kukafunsa kuti K200 yanga yagula chiyani. Munkakangana ndi a hedi mpaka dzuwa kupendeka. Manje ambiri a inu mwaleka kupita. Mumati, "Nanga ndikafunse chiyani, poti sindilipira?"

Mumalipira, amai. Mukagula sopo muli VAT ya 16 peresenti. Mukagula talk time muli msonkho. Mafuta a galimoto imene imakubweretserani kapenta ndi salaula ali ndi msonkho. Kuyambira January 2024, mukatumiza ndalama pa foni pali levi imene imapita ku boma. Ndalama imene imafika pasukulu kuchokera ku Lusaka inadutsa pa tebulo lanu. Chasintha ndi njira chabe, mwini wake ndinu ndemwe.

Tsono tiyeni tione amene amalamulira. Pasukulu pali a hedi. Pamwamba pawo pali a DEBS, mlembi wa bodi ya maphunziro m'boma. Nyimba ili ndi ake, Petauke ili ndi ake. Pamwamba pa a DEBS pali a PEO ku Chipata, ndipo pamwamba pa onse pali unduna wa maphunziro ku Lusaka. Mabodi amenewa anabwera ndi ndondomeko ya 1996 yotchedwa Educating Our Future, cholinga chake chinali chakuti zosankha zizichitikira pafupi ndi anthu, ndipo lamulo la maphunziro la 2011 limawazindikira. Koma ndikufunseni: ndani pano angatchule dzina la munthu mmodzi wa mu bodi imeneyo? Simunawavoterepo. A kansala mumawavotera, a MP mumawavotera, ngakhale a tcheyamani a msika mumawasankha ndi manja anu. Amene amayang'anira sukulu ya mwana wanu amayankha kwa mabwana awo a kumtunda. Sikuti ndi anthu oipa, ambiri ndi aphunzitsi akale amene amagwira ntchito ndi galimoto imodzi ndi mafuta osakwana. Ndi kakonzedwe kake kamene kali tero: malipoti amakwera, satsika.

Ndalama nazo zimabwera m'miphika itatu, ndipo mukaisokoneza mudzakalipira munthu wosalakwa.

Mphika waukulu ndi malipiro a aphunzitsi. Umenewo sufika n'komwe pasukulu. Aphunzitsi amalembedwa ndi Teaching Service Commission, malipiro amachoka ku Lusaka kupita ku akaunti yawo. Khonsolo siilemba mphunzitsi, ndipo levi imene mumapereka tsiku ndi tsiku pamsika siigula choko. Ngati pasukulu yanu pali aphunzitsi atatu pa magiredi onse, kukalira kwa a kansala n'kutaya nthawi. Khomo lake ndi la a DEBS, amene amadziwa kuti aphunzitsi aunjikana pati ndipo akusowa pati. Tonse tikudziwa mmene zimakhalira. Munthu amamutumiza kumudzi, akaona nyumba kulibe, netiweki kulibe, pakapita miyezi wayamba kufuna transifa yobwerera pafupi ndi tala.

Mphika wachiwiri ndi giranti, ndalama imene boma limatumiza kusukulu m'malo mwa mafizi aja. Ndiyo yogulira choko ndi mapepala, yolipirira madzi ndi magetsi, yokonzera chitseko chikathyoka. Imabwera m'magawomagawo pachaka. Apa ndi pamene ndikufuna maso anu. Giranti ikachedwa, a hedi amakongola kapena amayamba kupempha "ka contribution" kwa makolo, ndipo inu mumakwiya poganiza kuti akuba. Mwina sanabe, mwina ndalama siinafike. Mwinanso inafika. Mungasiyanitse bwanji ngati palibe pepala? Inu mukamachita chilimba, aliyense amadziwa kuti waponya ndani, tsiku liti, zingati, ndipo amene adye mwezi uno ndani. Chilimba chopanda buku simungalowemo. Nanga bwanji sukulu ya ana mazanamazana ikuyenda popanda pepala pakhoma lonena kuti temu ino talandira zakuti pa tsiku lakuti, tagula zakuti?

Mphika wachitatu ndi CDF, ndipo ndiwo umamveka kwambiri pa wailesi. Mu 2021 inali K1.6 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse. Mu 2022 inakwera kufika K25.7 miliyoni, mu 2023 K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, mu 2025 K36.1 miliyoni. Ndi ndalama yeniyeni, si nthabwala. Gawo lalikulu limapita ku zitukuko monga makalasi, madesiki, nyumba za aphunzitsi, mijigo ndi zipatala. Gawo lina ndi la mabasale, kulipirira ana osowa ku sekondale za boding'i, pakuti boding'i ikali yolipira, ndi kumakoleji a luso. Mphika uwu uli ku khonsolo, osati kwa a DEBS. Pempho limayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi, WDC, kenako limapita ku komiti ya CDF mmene muli a MP, makansala ena ndi oimira mafumu.

Taonani vuto lake. Amene amadziwa kuti sukulu yakuti yadzaza ali ku ofesi ina, amene ali ndi ndalama yomangira ali ku ofesi ina, amene amatumiza mphunzitsi ali ku Lusaka. N'chifukwa chake mungathe kuona buloko yatsopano yopaka penti bwinobwino koma mulibe wophunzitsamo, kapena mphunzitsi wafika koma akugona m'kalasi. Komanso CDF imagawidwa mofanana, Nyimba, Petauke Central, Kaumbwe, Kabwata ku Lusaka, onse chimodzimodzi. Koma thumba la simenti kuti likafike kuchigwa kwa a Luembe, a Nyalugwe kapena a Mwape, mvula itagwa, silingafanane mtengo ndi lopita ku Kabwata. Inu amalonda mumadziwa kuti thiransipoti ndiyo imadya phindu. Kugawa mofanana pa malo osafanana, wakutali ndiye amaluza, ndipo tikufuna kagawidwe kaganizire mtunda ndi chiwerengero cha ana. A Auditor General nawo anapeza kuti m'makhonsolo ambiri m'dziko muno ndalama za CDF zinkakhala mu akaunti osagwiritsidwa ntchito pa nthawi yake. Ndalama ili kubanki, mwana ali pansi pa mtengo.

A Pulezidenti analamula kuti pofika kumapeto kwa 2023 pasakhale mwana wokhala pansi. Sindikuuzani ine ngati zinatheka. Funsani mwana wanu madzulo ano kuti pa desiki amakhala angati.

Tibwere ku funso limene limawawa: kodi ana akuphunzira? Kulowa m'kalasi ndi kwina, kudziwa kuwerenga ndi kwina. Zotsatira za kafukufuku wa PISA for Development zimene zinatuluka mu 2018 zinaonetsa kuti pa ana a sukulu 100 a zaka 15 mu Zambia, 5 chabe ndiwo anafika pa mlingo woyambira wa kuwerenga, ndipo pa masamu anali 2. Mwamva bwino, awiri. Izi zinali maphunziro aulere a sekondale asanabwere, ndiye si mlandu wa boma limodzi. Koma ngati zinali tero makalasi asanadzaze chonchi, lero zili bwanji pamene mphunzitsi mmodzi akuyang'ana nkhope zosawerengeka, mabuku oti achonge ali mulu? Yesani nokha. Mpatseni mwana wa giredi 4 lisiti ya ku holoselo awerenge. Muuzeni kuti kasitomala wagula milu itatu ya tomato ya K15, wapereka K100, chenji ndi zingati. Mukaona akuyang'ana kudenga, musadikire zotsatira za ECZ.

Ndipo zotsatira zikatuluka, samalani ndi mawu akuti "pass rate". Imawerenga okhawo amene analemba mayeso. Zili ngati munthu wonyamula mabokosi khumi a tomato kuchoka kudimba, anayi n'kuwolera m'njira, iye n'kumanyada kuti asanu ndi limodzi onse ndagulitsa. Funso labwino ndi ili: analowa giredi 1 anali angati, afika pa mayeso ndi angati, enawo ali kuti? Kuno kwathu tikudziwa kumene ali. Anyamata ena ali kubusa ng'ombe. Atsikana ena ali ndi mwana kumsana; kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti kuno kum'mawa atsikana pafupifupi 40 pa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati, pamene dziko lonse anali 29. Kuyambira 1997 mtsikana wobereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu, ndipo kuyambira December 2023 ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi wosaloledwa, ngakhale wa chimwambo. Malamulo alipo, koma amene angabweze mwanayo ndi amake ndi atate ake.

Apa musandikwiyire. Basi ikaima pa Nyimba nthawi ya 10 m'mawa tsiku la sukulu, ena mwa amene amathamangira mawindo ndi nthochi pamutu ndi ana athu. Ndikudziwa chifukwa chake, makamaka pambuyo pa chilala cha 2024, pamene meda ya chimanga inasanduka golide. Koma a DEBS sangamutsike mwana dengu pamutu. Ameneyo ndi wathu.

Chinanso, kuyambira 2025 silabasi yasintha. Pulaimale izithera giredi 6, sekondale yabwerera ku mafomu, Fomu 1 mpaka 4, ndipo Fomu 5 ndi 6 ndi ya A level. Silabasi yatsopano imafuna mabuku atsopano ndi aphunzitsi ophunzitsidwanso. Mukapita ku miting'i, funsani kuti mabuku a Fomu 1 afika angati, ndipo buku limodzi akugawana ana angati.

Tsono ndikupempheni chinthu chimodzi chotheka. Komiti ya msika uliwonse, wa Nyimba, wa Petauke, ngakhale wa Kacholola, isankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, amene ana awo ali pasukulu za boma. Ntchito yawo ikhale kupita ku miting'i ya PTA temu iliyonse ndi ku miting'i ya WDC, anzawo n'kuwagulitsira katundu tsiku limenelo. Asapite ndi chitenje cha chipani, ngakhale chathu. Akatero a hedi adzaopa, ndipo adzakhala ndi chifukwa chokanira. Apite ngati makolo, ndi kope ndi bolopeni. Akafunse giranti yalowa liti ndi zingati, ana olembetsa ndi angati, aphunzitsi ndi angati, ndi ana ati apatsidwa basale ya CDF ndipo anasankhidwa bwanji. Akapemphe kuti mayankhowo amatidwe pa bolodi ya zidziwitso kuti aliyense aziona.

Wina akakuuzani kuti zimenezo ndi zachinsinsi za ofesi, mukumbutseni mwaulemu kuti mu December 2023 a Pulezidenti anasaina lamulo la Access to Information, lopatsa nzika ufulu wopempha chidziwitso ku maofesi a boma. Lembani kalata, sungani kope yake, ndipo amene walandira adindepo chidindo ndi deti. Zimene mwapeza mukaziwerenge pa miting'i ya msika, ndipo mutitumizire chithunzi pa peji ino kuti tiziike pamodzi, sukulu ndi sukulu, wadi ndi wadi.