Ndisanayambe Kugogoda pa Zitseko Zanu

Mawu amene wophunzira wa digiri yachiwiri ya kakonzedwe ka mizinda analankhula pa msonkhano wa chitukuko wa m'wodi ku Liwonde, m'boma la Machinga.

 

Kuyambira mwezi wamawa muzindiona ndikuzungulira m'dera lino, kope kukhwapa, foni m'manja, nthawi zina nditaima pa ngalande ngati munthu wotaya ndalama. Munthu wotere akaoneka, mbiri yake imafika kutali iye asanafike. Ena adzati kwabwera kalembera wa ufa, ena adzati boma likuwerenga nyumba zoti ligwetse. N'chifukwa chake ndapempha mphindi zochepazi kuti mumve kuchokera pakamwa pa mwini wake.

Ine ndine mwana wa konkuno. Ndikuphunzira za kakonzedwe ka mizinda kusukulu yaukachenjede, ndipo digiri imeneyi sapereka kwa munthu amene sanachite kafukufuku wakewake. Koma asanakulole kutuluka pa geti, umayamba walemba chikalata chofotokoza zinthu zinayi: funso limene ukufuna kuyankha, chifukwa chake funsolo lili lofunika, njira imene udzatsate, ndiponso nthawi ndi ndalama zimene zidzalowe. Chikalata chimenechi chandidyera miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndikufuna ndikuuzeni chimene chinandichedwetsa.

Poyamba ndinalemba za mavuto a kukula kwa matauni m'Malawi monse. Ndinaikamo zonse zimene ndinawerenga. Ndinalemba kuti kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, 16 okha ndiwo ankakhala m'matauni. Ndinalemba kuti masomphenya a Malawi 2063 aima pa nsanamira zitatu, ulimi, mafakitale ndi kukula kwa mizinda, komanso kuti Liwonde ali m'gulu la matauni amene boma likufuna kuwakweza kuti anthu asamangothamangira ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Zonsezi n'zoona. Masamba anakwana makumi atatu, ndipo ndinkadzimva. Aphunzitsi ondiyang'anira anabweza chikalatacho atalemba mzere umodzi wokha ndi cholembera chofiira, wofunsa kuti ndikadzamaliza, ndani adzasinthe kachitidwe kake chifukwa cha zimene ndapeza. Ndinalibe yankho. Ndinakwiya masiku atatu, kenaka ndinakwera basi kubwera kumudzi.

Funso lenileni ndinakalipeza pakhonde pa azakhali anga. Nyumba yawo ili kumunsi, ndipo madzi anawalowera mu Januwale 2015, n'kudzawalowanso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ulendo wachiwiriwo khoma limodzi linagwa. Anaumba njerwa, n'kumanganso pamalo pomwepo. Ine, ndi matama a kusukulu, ndinawafunsa chifukwa chimene sakusamukira kumtunda. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandifunsa ngati ndili ndi poloti yoti ndiwapatse kumtundako, ndiponso ngati ndidzawalipirira kabaza tsiku lililonse popita kumsika ndi dengu lawo la nsomba. Anandiuzanso kuti pamene ankagula malowo kunali mu Okutobala, nthaka ili gwaa, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawauza kuti pamenepo ndi panjira ya madzi.

Choncho funso langa tsopano ndi laling'ono, ndipo ndi ili: kodi munthu amapeza bwanji poloti m'malo otsika a m'mbali mwa Shire ndi Likwenu, malowo amadutsa m'manja mwa yani ndi yani, nanga ndi pati pa ulendo umenewu pamene chenjezo likanamupeza asanawotche njerwa?

Ndilifotokoze pang'ono, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Pa pepala, dziko lathu lili ndi malamulo abwino. Lamulo la mapulani a malo la 2016 linaika dziko lonse, tauni ndi mudzi womwe, pansi pa dongosolo la mapulani. M'chaka chomwecho kunabweranso lamulo la malo a makolo, limene linakhazikitsa makomiti oona za malo ndi kutsegula njira yoti banja lilembetse malo ake. Koma tonse tikudziwa mmene poloti imagulidwira kuno. Wogula amamva kwa mnzake, amakumana ndi mwini malo, amayeza ndi mapazi, amalemberana pa tsamba la kope pamaso pa mboni, nthawi zina chidindo cha mfumu n'kugwerapo. Ku khonsolo nkhani imafika nyumba itafoleredwa kale, kapena siifika n'komwe. Sindikuloza chala munthu. Liwonde ali ndi zokopa zambiri: baraji imene inamangidwa mu 1965, njanji yopita ku Nacala imene inatsegulidwa mu 1970, msewu wa ku Mangochi, chipatala cha boma, msika, ndi alendo obwera kudzaona nyama. Anthu akabwera amafuna pogona lero, pamene mapu a boma amatenga zaka. Malipoti ambiri amene ndawerenga amathera pa mawu akuti anthu samva. Ine sindikugwirizana nawo. Ndikuganiza kuti anthu ambiri amawerengera bwino lomwe, kungoti zimene amawerengerazo ife a m'maofesi sitinazilembepo. Mwina ndikulakwa, ndipo kafukufuku ndi woti andigwire ngati ndalakwa.

Ntchito idzayenda motere. Ndayamba kale kuyerekeza zithunzi za m'mlengalenga za Google Earth, zakale ndi zatsopano, kuti ndione kumene malata akhala akufalikira. Zithunzizo zimaonetsa madenga, koma sizinena kuti pamene pali nyumba lero kale panali dambo la mpunga kapena khwawa limene ana ankasambamo. Zimenezo amadziwa ndi akuluakulu. Paja madzi saiwala khwawa, ndiye ndikufuna kuyenda ndi amene akukumbukira makwawawo, andionetse pamene madzi ankadutsa ndi pamene anafika pa makoma. Kuyenda kumeneku ndakuika mu Januwale ndi Febuluwale mwadala. Ngalande ukaiona m'chilimwe imakunamiza.

Ndikadzatha apo ndidzacheza ndi mabanja pafupifupi 100. Sindidzasankha ndi nkhope. Ndidzawerenga nyumba, n'kulowa yachisanu iliyonse, kotero ndikadumpha khomo lanu musadzati ndakudani, ndipo ndikalowa musadzati wina wakunenezani. Ndikufuna kumva eni nyumba, komanso ochita lendi, amene kawirikawiri saitanidwa pa nkhani za malo ngakhale kuti mphasa zonyowa zimakhala zawo. Ndidzapemphanso nthawi kwa mafumu, kwa amene anagulitsapo malo, ndi kwa akuluakulu a mapulani ku khonsolo.

Tsopano za ufulu wanu, ndipo apa ndilankhula pang'onopang'ono. Kafukufuku wokhudza anthu saloledwa kuyamba komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa isanamuunike, ndipo makomiti oterewa amayang'aniridwa ndi bungwe la boma la sayansi ndi luso. Kalata yawo ndili nayo, pamodzi ndi ya kwa bwanamkubwa, ndipo aliyense ali ndi ufulu woitanitsa kuti aione ndisanakhale pansi. Mukhoza kukana kuyankha. Mukhoza kuyamba, n'kusiyira panjira. Dzina lanu silidzalembedwa pa pepala la mayankho, padzakhala nambala. Pepala lanu logulira malo sindidzalijambula popanda chilolezo chanu. Mapu amene ndidzatulutse adzaonetsa dera, osati nyumba ya uje. A ku khonsolo ali pompano ndipo akundimva: mndandanda wa amene anamanga opanda chilolezo sindidzapereka kwa iwo kapena kwa wina aliyense, chifukwa sindidzaulemba n'komwe.

Ndinenenso zimene ena sakonda kumva. Ndilibe alawansi yogawa. Ndalama za kafukufukuyu n'zochokera m'thumba mwanga ndi mwa achibale, ndipo zambiri zithera pa mayendedwe ndi kusindikiza mapepala. Kafukufuku wanga sadzakumba ngalande, sadzagawa mapoloti kumtunda. Ndikudziwa kuti ena anabwerapo ndi mafunso ambirimbiri, n'kupita osabweranso, ndipo mukatopa nafe simukulakwa. Chimene ndingalonjeze ndi ichi: ndisanapereke buku langa kwa oyesa, ndidzabwera pabwalo lomwe lino ndi masamba awiri a m'Chichewa ofotokoza zimene ndapeza, ndipo ndidzapempha wina atanthauzire m'Chiyao. Mudzanditsutse pamene ndalakwitsa. Zimene mudzavomereze, komiti yanu ikhoza kuziika m'mapulani a m'dera amene amapita ku khonsolo pokonza pulani ya chitukuko ya boma lonse. Pempho la ngalande likapita ndi mapu oonetsa pamene madzi amadutsa, limavuta kulikankhira pansi pa mafailo.

Kwa achinyamata amene ndikuwaona kumbuyoko: maphunziro a mapulani a malo alipo ku Mzuzu University ndi ku MUBAS ku Blantyre. Amene akufuna kudziwa kalowedwe kake andipeze tikatha.

Chopempha changa lero n'chochepa. Mudzi uliwonse undisankhire anthu awiri, mayi ndi bambo, amene akhala kuno kuyambira kale ndipo miyendo ikadali yolimba. Amene ali ndi zithunzi za madzi a 2015, 2019 kapena 2023 m'mafoni mwawo, ndipo ali okonzeka kundionetsa, auze a mlembi a komiti. Ulendo woyamba tidzayambira pa mlatho wa Likwenu kutsika ndi mtsinje, ndipo tsiku lake tidzagwirizana ndi mafumu.

A wapampando, ndaona manja awiri akwezedwa kale uko. Ndikhale pansi kuti mafunso ayambe.