Zimene ndinaona ku nyumba yosungira ana ku Malawi

 Atsogoleri andipempha kuti ndifotokozeko za miyezi 6 imene ndinakhala m'boma la Dedza, ku Malawi, ndikugwira ntchito yongodzipereka pa nyumba ina yosungira ana ovutika. Si kutali ayi: chapa kuchokera pa Ulongwe, kuwoloka malire pa Calómue, basi wafika. Chilankhulo n'chomwechi, nsima ndi yomweyi, komabe ndi dziko la eni.

Ntchito yanga inali kuphika phala m'mamawa, kuchapa zofunda ndi kuthandiza ana kuwerenga akaweruka kusukulu. Pochapapo m'pamene munthu umadziwira mwana amene mtima wake suli m'malo, poti mphasa sinama.

Choyamba chimene ndikufuna mumve n'chakuti ambiri mwa ana aja sanali amasiye enieni. Wina mayi ake alipo, wina agogo ake amabwera Loweruka atanyamula mbatata pansalu. Chinawafikitsa kumeneko ndi umphawi: kusowa yunifolomu, makope, ndi njala ya mu Januwale ndi Febuluwale.

Chachiwiri ndi nkhani ya ife alendo. Kunkabwera achinyamata a kunja, a mtima wabwino ndithu, kudzakhala milungu iwiri. Ana kuwakakamira, kuwagwira manja, kulimbirana pamwendo. Mlendo amati, "Eee, ana awa ngachikondi!" Koma amayi amene alera ana pamenepo zaka zambiri anandiuza kuti mwana wothamangira munthu aliyense wachilendo ndiye kuti alibe wakewake. Galimoto ikanyamuka, mlungu umenewo zofunda zonyowa zinkachuluka, ena n'kumakana kudya. Kenaka kubwera gulu lina, n'kuyambiranso.

Zimenezi akatswiri anazifufuza. Ku Bucharest, m'dziko la Romania, kuyambira chaka cha 2000 anatsatira ana 136 a m'nyumba zotere. Ena anawapereka ku mabanja, ena anatsala. Amene analowa m'mabanja, makamaka asanakwanitse zaka 2, anakula bwino m'nzeru ndi m'kulankhula kuposa anzawo otsala aja. Mu 2009 bungwe la United Nations linatulutsa malangizo akuti umphawi pawokha usakhale chifukwa chochotsera mwana kwa makolo ake. Kwathu kuno Lei da Família, lamulo la za mabanja, limavomereza banja lolandira mwana amene alibe womusamala. Makolo athu ankachita zimenezi kalekale, mwana wa mlongo wako ankakhala wako.

Sindikunena kuti nyumba zimenezi zitsekedwe mawa. Alipo ana amene kwawo kuli nkhanza, ndipo alipo amayi amene amagona osavula chifukwa cha mwana wodwala malungo. Amenewo ndimawavulira chipewa.

Tsono achinyamata angapo andifunsa kuti nawonso apite bwanji. Yankho langa ndi ili. Ngati muli ndi milungu iwiri yokha, pemphani ntchito ya kumunda, kukhitchini kapena yokonza denga, kulera ana muwasiyire okhalitsa. Musanapite funsani ngati nyumbayo inalembetsedwa kuboma, ndiponso kuti chaka chatha ana angati anabwerera kwa abale awo. Tengani pasipoti ndi chikalata cha registo criminal. Nyumba imene ingakulowetseni kwa ana osafunsa n'komwe chikalata chimenechi, imeneyo muikayikire. Zithunzi za ana musaike pa Facebook.

Amene ali ndi mafunso andipeze tikatha msonkhano.