Chatsitsa Dzaye: Mawu Otsegulira Msonkhano wa Alembi a Nkhani Zofufuza Milandu ku Mangochi

Bambo wapampando, mafumu athu eni nthaka ino, mashehe ndi abusa, aphunzitsi, alembi amene mudatsogola kale pa njirayi, ndi inu ana anga, anyamata ndi asungwana amene mwabwera ndi makope anu m'manja kuchokera ku Namwera, ku Malindi, ku Monkey Bay ndi kutali kwa Makanjira: ndithokoza ulemu umene mwandichitira pondiitana kuti ndidzakutsegulireni msonkhano uno. Popeza mlendo ndi mame, sindikutayirani dzuwa. Komabe mundilole ndiyankhule ndi achinyamatawa, pakuti tasonkhana chifukwa cha iwo.

Alipo ambiri amene amayesa kuti nkhani yofufuza mlandu, ija imene munthu apezeka atafa kapena chuma chisowa, wina nayamba kulondola mapazi kufikira atagwira mwini wake wa choipacho, ndi luso la Azungu lokha, lobwera pa sitima pamodzi ndi nsalu ndi mikanda. N'zoona kuti Edgar Allan Poe wa ku America adalemba yoyamba ya mtundu umenewu m'chaka cha 1841, ndi kuti Arthur Conan Doyle adatulutsa Sherlock Holmes m'chaka cha 1887, Fort Johnston isanamangidwe n'komwe m'mbali mwa Shire muno. Koma taganizirani munthu amene adawerengapo za Kaini, momwe adafunsidwira za mbale wake. Amene adamva za Solomo, momwe adadziwira mayi weniweni wa khanda popanda mboni ngakhale imodzi, poyang'ana mtima wa mkazi aliyense pamene lupanga lidatulutsidwa. Amene adakhalapo pabwalo la mfumu tsiku lathunthu, nduna zikufunsa munthu funso limodzimodzilo m'mawa, masana ndi madzulo kuti zione ngati mawu ake asintha. Munthu wotereyu adziwa kuti ludzu lofuna kudziwa wochita choipa lili m'mtundu uliwonse wa anthu. Makolo athu adalamula kuti tizinena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga, ndipo ntchito yanu yonse, ana anga, yagona pamenepo.

Ambiri a inu mudawerenga kusukulu buku la John Gwengwe, Sikusinja ndi Gwenembe, m'mene munthu apha mbale wake panjira chifukwa cha chuma, nayesa kuti palibe wamuona, koma mbalame imulondola ndi nyimbo yake mpaka kumudzi. Nthano imeneyo ndi yokoma, ndipo imaphunzitsa kuti mlandu suwola. Komatu inu amene mwasankha kulemba nkhani zofufuza milandu mwasenza katundu wolemera koposa, chifukwa inu mbalameyo simupatsidwa. Wofufuza wanu saloledwa kulota dzina la wakupha, saloledwa kukaombeza ula, ndipo saloledwa kungomva m'thupi kuti ndi uje. Wansembe wina wa Chikatolika ku England, Ronald Knox, amene naye ankalemba nkhani zoterezi, adaika malamulo khumi m'chaka cha 1929, ndipo mwa iwo mudali loletsa mlembi kumasula mlandu ndi mphamvu za mizimu, ndi lina lomukakamiza kuonetsa wowerenga chizindikiro chilichonse chimene wofufuza wapeza.

Pamenepa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa kwa ife nkhaniyi ikhudza moyo wa anthu. Lamulo loletsa kumwetsa mwabvi ndi kuloza munthu chala kuti ndi mfiti lidakhazikitsidwa m'dziko muno m'chaka cha 1911. Komabe kufikira lero timamva pawailesi kuti agogo ena, amene adalera mudzi wonse pamsana pawo, agendedwa ndi adzukulu awo omwe, chifukwa mwana wamwalira mwadzidzidzi ndipo palibe amene adadekha kufunsa ngati adali malungo, kapena madzi oipa, kapena dzanja la munthu wina amene pamaliropo akulira mokweza kuposa onse. Mlembi amene aphunzitsa owerenga ake kufunsa kuti, kodi waona ndani, nthawi yanji, ataima pati, ndipo apindula ndani ndi imfayi, akugwira ntchito yopulumutsa okalamba athu, ngakhale iye ayesa kuti akungosangalatsa anthu. Ku Zanzibar, Muhammed Said Abdulla adachita zimenezi m'Chiswahili: buku lake la Mzimu wa Watu wa Kale, lotuluka m'chaka cha 1960, lidabweretsa wofufuza wotchedwa Bwana Msa, amene amasula imfa yochititsa mantha ndi nzeru zopenyetsetsa zokha. Ngati Chiswahili chidatha kusenza nkhani yotere, Chichewa ndi Chiyao sizingalephere.

Tsono nzeru zopenyetsetsazo muzitenga kuti? Muzitenga pano pomwe, pagombe limene mudabadwira. Tiyerekeze kuti padooko lina kufupi ndi Makawa injini ya boti yasowa usiku, ndipo mlonda wapezeka m'mamawa ali chikomokere pansi pa nsanja zoyanikapo usipa. Mnyamata amene anthu akumuganizira alumbira kuti usiku wonse adali pakati pa nyanja m'bwato la nyali, kukopa usipa kuti anzake aponye chilimira. Wapolisi wochokera kutali alemba mawuwo m'buku namulola apite. Koma mayi wina wogula nsomba, amene wakhala pamchengapo ndi beseni lake chiyambire utsikana wake, angofunsa mofatsa kuti, kodi dzulo mwezi udali bwanji? Pakuti mwana aliyense wa kunyanja adziwa kuti mwezi ukakhala wathunthu, kuwala kwake kumagonjetsa nyali, usipa susonkhana, ndipo asodzi ambiri amatsala kumtunda kusoka maukonde. Bodza lagwidwa, ndipo wowerenga, amene mudamuuza kale pa tsamba loyamba kuti ana adachezera kusewera pabwalo chifukwa kunja kudayera, adzadziguguda pachifuwa kuti chizindikiro chidali pamaso pake iye osachiona. Chimwemwe cha nkhani yofufuza mlandu ndi chimenecho, ndipo mlembi wa ku London sangachilembe, chifukwa sadziwa mwera, sadziwa mpoto, sadziwa kuti ukonde wa nkacha wa ku Malombe usiyana bwanji ndi matchera.

Agatha Christie, amene mabuku ake afalikira pa dziko lonse, adagwira ntchito m'chipinda chosakaniza mankhwala pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo buku lake loyamba, limene osindikiza angapo adayamba alikana lisanatuluke m'chaka cha 1920, lidaima pa zimene adaphunzira kumeneko za mankhwala akupha. Inunso lembani zimene mwaziona ndi maso. Kakhaleni kumbuyo m'khoti la majisitireti tsiku lozenga milandu, mumve momwe mboni yonama imachulukitsira mawu pamene yoona iyankha mwachidule. Kachezeni ndi anamwino, ndi apolisi opuma ntchito, ndi akabaza amene adziwa yemwe adawoloka mlatho usiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinthu china ndikupemphani ndi mtima wanga wonse: musasewere ndi mtembo. Pafupi ndi nsanja ya wotchi m'tauni muno pali chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julaye 1946, kumpoto kwa nyanja yathuyi, ndipo aliyense wa iwo adasiya nyumba imene idalira maliro. Munthu wophedwa m'nkhani yanu akhale ndi mayi wake, ndi ngongole yake, ndi munda umene adausiya wosapalira. Ndipo wakuphayo musamusandutse chilombo, koma mutionetse njira imene nsanje, kapena umphawi, kapena mkangano wa malire idamuyendetsa pang'onopang'ono kufikira tsiku loipalo.

Za kusindikiza sindikunamizani kuti njira ndi yosalala. Samuel Ntara adali mphunzitsi chabe pamene Nthondo idapambana mpikisano nisindikizidwa m'chaka cha 1933. Aubrey Kalitera adasindikiza yekha ena mwa mabuku ake nawafikitsa yekha kwa owerenga. Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba adaonetsa kuti buku la m'Chichewa lingathe kugwira munthu usiku wonse. Onsewa adayamba ndi kope longa lanulo.

Chotero masiku a msonkhano uno musawathere pa kujambulitsa ndi alembi otchuka. Werengani mutu woyamba wa nkhani yanu mokweza pamaso pa anzanu, ngakhale mawu akunjenjemera. Wina akakuuzani kuti wadziwa wakupha pa tsamba lachitatu, musakwiye, koma mumufunse chimene chakuululani. Ndipo inu alembi akuluakulu, ndikupemphani kuti aliyense atenge kope la mwana mmodzi, aliwerenge lonse, nalibweza lili ndi zolemba m'mbali.

Bambo wapampando, mafumu athu, amayi ndi abambo, ndi mawu amenewa ndikulengeza kuti msonkhano uno watsegulidwa. Mulungu akudalitseni nonse.