Kompyuta Ikafa, Kodi Zolembedwa Zafera Momwemo?

Nkhani yathu ya lero ikukhudza aliyense amene amasunga zolemba zake m'kompyuta: mlembi wa mpingo ku Bangwe, wojambula zithunzi za maukwati ku Ndirande, mayi wosunga kaundula wa banki m'khonde ku Machinjiri, ngakhalenso wophunzira wa ku Chilomoni amene watha miyezi akulemba kafukufuku wake. Akuluakulu amati madzi akatayika saoleka, ndipo ambiri a ife timaganiza zomwezo tsiku limene kompyuta yakana kuyaka. Komatu kaŵirikaŵiri zolembedwazo zimakhala zikadalipo, ndipo chimene chimazimaliza ndi phuma la mwini wake pa maola oyambirira.

Zonse zimene mumasunga zimakhala m'kabokosi kachitsulo kotchedwa hard drive. Inu amene munakula mukumvera galamafoni simuvutika kumvetsa. M'kabokosimo muli timbale tozungulira, nthaŵi zambiri maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kamkono kokhala ndi kamutu koŵerengera ndi kulembera. Kusiyana kwake nkwakuti singano ya galamafoni imakhudza chimbale, pamene kamutu aka sikayenera kukhudza ndi pang'ono pomwe. Kamayandama pa mpweya, pa mpata wochepa kwambiri kotero kuti tsitsi la munthu ndi lonenepa kuuposa maulendo zikwizikwi. Kafumbi kamodzi kakaloŵa pa mpata umenewu, kamakanda chimbale, ndipo zolembedwa pa malo okandikawo sizibwereranso.

Vuto lopepuka ndi la munthu amene wafufuta fayilo mwangozi. Kompyuta sifufuta fayiloyo nthaŵi yomweyo ayi. Imangochotsa dzina lake m'kaundula ndi kulengeza kuti malowo alibenso mwini, monga amachitira mwini nyumba za lendi akafufuta dzina la munthu m'buku, katundu ali m'chipinda momwemo. Katunduyo adzatayidwa pokhapokha wina akadzaloŵa. Tsono chilichonse chatsopano chimene mungasunge, kaya ndi nyimbo, kaya ndi pulogalamu yomwe mukuti ikupulumutseni, chingathe kugona pamwamba pa fayilo yanu. Zimitsani kompyutayo. Pali mapulogalamu aulere, monga PhotoRec ndi Recuva, amene amatolera mafayilo otere, koma aikidwe pa kompyuta ina, ndipo zopezekazo zisungidwe pa diski ina. Dziŵaninso kuti malaputopu ambiri atsopano ali ndi chosungira cha mtundu wa SSD, chopanda timbale, chimene chimasesa msanga malo a zofufutidwa. Pamenepo mwayi ndi wochepa.

Vuto lina tikulidziŵa bwino kuno ku Blantyre. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko nkutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa miyezi yambiri magetsi ankangozimazima. Magetsi akabwera mwamphamvu angathe kuotcha kabolodi ka kunsi kwa hard drive, timbale tili bwinobwino. Mmisiri wodziŵa ntchito amasintha kabolodiko, nasamutsirapo kachipangizo kakang'ono ka pa bolodi lakale, chifukwa ndimo muli zizindikiro za diski imeneyo yokha.

Koma mukamva kabokosiko kakulira kuti "ke, ke, ke," kapena ngati kakupala, musayesenso kuyatsa. Kulira kumeneko ndi kamutu kolephera kupeza malo ake, mwina kakukhula chimbale, ndipo kuyatsa kulikonse kumawonjezera bala. Ena amakamenya ndi chikhatho ngati wailesi yakale. Ena amakaika m'firiji chifukwa anamva kwa anzawo. Zonsezi nzongoononga. Choipa koposa ndicho kukatsegula. Amisiri a mu msika wa Ndirande ndi anthu aluso lodabwitsa, ndipo palibe wa mu mzinda uno amene angatsutse. Koma luso silithamangitsa fumbi. Ntchito yotsegula hard drive imachitikira m'chipinda cha mpweya wosefedwa, monga zimene makampani a ntchitoyi ali nazo ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo mtengo wake si wamaseŵera.

Nanga madzi? Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo madzi analoŵa m'nyumba zambiri m'makomboni ena a mzinda uno. Tinataya abale athu ochuluka, ndipo palibe katundu amene tingamuyerekeze ndi iwo. Komabe kwa otsala, zithunzi za omwalirawo zimene zili m'kompyuta yomira ndi chuma chosagulika. Munthu akafukula kompyuta m'matope, nzeru yoyamba imamuuza kuti aiyanike padzuŵa. Pa zovala nzeruyo ndi yabwino, koma pa hard drive ndi yolakwika. Madzi a matope akauma m'kati, amasiya dothi ndi mchere zitamatirira pa timbale, dzimbiri nkuyamba. Akatswiri amalangiza kuti muchotse kabokosiko m'kompyuta, musakayatse, musakaumitse, mukatsekere m'pulasitiki momwe kaliri ndi chinyontho chake, ndipo kafike msanga kwa odziŵa.

Kuti muone kulimba kwa timbale timeneti, mverani izi. Pa 1 Febuluwale 2003 chombo cha m'mlengalenga cha Columbia chinasweka pamwamba pa dera la Texas ku America, anthu asanu ndi aŵiri nkufa. Pakati pa zidutswa panapezeka hard drive yopsa ndi yophwanyika. Kampani ya Kroll Ontrack inatsuka timbale take, nkutiika m'kabokosi kena, ndipo inapulumutsa magawo 99 pa 100 alionse a zimene zinalembedwamo. Asayansi anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo mu 2008.

Ambiri mwa inu mudzayamba mwapita kwa wokonza makompyuta wa pafupi, ku Limbe kapena m'tauni, ndipo nzoyenera. Koma mawu oyamba akhale akuti, "Bambo, ine ndikufuna mafayilo anga, kompyuta ibwere pambuyo." Wokonza wofulumira amathamangira kufomata ndi kuikamo Windows yatsopano, kompyuta imayaka ndithu, inu nkulipira mokondwa, kaundula wa zaka zisanu atakwiriridwa. Mufunseni ngati ayamba wakopera diski yonse pa diski ina, kuti zoyesayesa zake zichitikire pa kopeyo. Diski yachiŵiriyo ikhale yaikulu mofanana ndi yodwalayo kapena kuposerapo, ndipo ngati alibe, kagureni nokha ntchito isanayambe.