Dimba la Pasukulu Lidyetse Ana Olilima

Mwana wa sukulu ya pulayimale sakana zipatso. Nyengo ya mango, kuyambira Novembala kufikira Januwale, safuna womulangiza, amakwera yekha mumtengo. Vuto limadza mango akatha, makamaka m'chilimwe pamene masamba a m'munda auma. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2023, lidati mwana wa zaka 6 mpaka 9 azidya magalamu osachepera 350 a zipatso ndi ndiwo zamasamba tsiku lililonse, ndipo wa zaka 10 kupita m'tsogolo azidya 400. Muyezo umenewu ndi wa chaka chonse.

Choncho mlangizi akafika pasukulu ayenera kuyamba wawerenga miyezi pamodzi ndi aphunzitsi, kuti aone imene ilibe chipatso. Papaya amabereka pasanathe chaka chibzalire ndipo amapatsa kwa miyezi yambiri. Malalanje ndi manachesi amapsa nyengo yozizira, monganso masau a m'zigwa za Zambezi ndi Shire, amene amasungika akayanikidwa. Malambe nawo amakhala miyezi osaonongeka.

Koma nkhani yaikulu ili padimba. M'sukulu zina dimba limadzazidwa ndi kabichi wogulitsa, ndipo gawo la ana ndi kutunga madzi basi. Choipa koposa, mwana wochedwa m'mawa ndiye amene amapatsidwa khasu. Mwana wotere amakula akudziwa kuti dimba ndi chibalo, ndipo nkovuta kuti adzakonde zotuluka m'menemo. Mlangizi alankhule ndi mphunzitsi wamkulu mosapsatira kuti chilango chisiyane ndi ulimi, kalasi iliyonse ikhale ndi mabedi akeake, ndipo zokolola zoyamba ziphikidwe pasukulu pomwepo, ana olima adye. Kugulitsa kubwere pambuyo. Komiti ya sukulu ikonzenso othirira patchuthi cha mwezi wa Ogasiti, pakuti madimba ambiri amafera pamenepo.

Mbewu zake zisakhale zachilendo zokha. Bonongwe amathyoledwa patangotha milungu inayi chifesere, ndipo ali ndi vitamini A ndi mchere wa ayironi wochuluka kuposa kabichi. Luni, chisoso, nkhwani ndi kholowa sizilira mankhwala ambiri. Pali ana amene amachita nazo manyazi poganiza kuti ndi ndiwo za amphawi. Manyaziwo amatha msanga akaona aphunzitsi awo akudya nawo limodzi.

Tsiku lophika amayi aitanidwe. Aonetsedwe kuti soda kapena chidulo, ngakhale zimafewetsa masamba, zimaononga mavitamini ena, ndiponso kuti kuphika nthawi yaitali kumachita chimodzimodzi. Nsinjiro kapena mafuta pang'ono zimathandiza thupi kulandira vitamini A. Masamba otsala m'dzinja afutsidwe ndi kuyanikidwa pamthunzi, kuti mfutso udzafikitse ana kumvula zoyamba.