Kabungwe ka Lachitatu Madzulo

Mawu okambidwa pa Msonkhano wa Pachaka wa Bungwe, pa mutu wa nzeru za sayansi pakati pa anthu wamba



Pa misonkhano ya bungwe ngati lino nkhani zochuluka zimakhala za misewu, milatho, zitsime, mitengo ya mbewu kumsika ndi makalata opita kwa a Boma. Zonsezi n'zofunika ndithu, ndipo palibe angazinyoze. Koma pali ntchito ina imene bungwe lingathe kuigwira palokha, popanda kupempha ndalama kwa munthu aliyense, ndiyo yophunzitsana za zinthu zimene anthu amakhala nazo tsiku ndi tsiku, monga moto, madzi, mpweya, mchere ndi nthaka. Nzeru yofufuza chimene chili m'kati mwa zinthu, ndi m'mene zimasinthira zikatenthedwa kapena zikasakanizidwa, dzina lake ndi kemisitiri. Ambiri amayesa kuti imeneyi ndi nzeru ya m'makoleji mokha, koma mbiri ya kabungwe kena ka mumzinda wa London, ku England, ikutsutsa maganizo otere.

M'chaka cha 1808 mmisiri wina wosula siliva, dzina lake John Tatum, anayambitsa kabungwe m'nyumba yake mu msewu wa Dorset, pafupi ndi Fleet Street, ndipo anakatcha City Philosophical Society. Mamembala ake anali pakati pa 30 ndi 40, anthu a ntchito zamanja, akalaliki ndi anyamata a m'masitolo, amene usana wonse ankakhala pa ntchito za mabwana awo. Iwo ankasonkhana Lachitatu lililonse madzulo. Sabata ina ankakhala okhaokha ndi kukambirana mafunso amene membala aliyense ankabwera nawo. Sabata yotsatira ankatsegula chitseko kuti abwenzi alowe, ndipo membala mmodzi ankaimirira ndi kuphunzitsa. Udindo wophunzitsawo unkayenda mozungulira, ndipo wolephera kuphunzitsa pa nthawi yake ankalipira chindapusa cha masheleni 10 ndi makobiri 6. Potero panalibe membala wongobwera kudzamvera. Aliyense ankadziwa kuti tsiku lake lidzafika, ndipo ankakonzekera.

Pambali pa misonkhanoyi, Tatum ankakhalanso ndi maphunziro a aliyense wofuna, pa mtengo wa sheleni imodzi pakhomo, ndipo ankamata zidziwitso m'misewu ndi m'mazenera a masitolo. Mmodzi wa anthu amene anawerenga zidziwitsozo anali mnyamata wotchedwa Michael Faraday. Iyeyu anabadwa m'chaka cha 1791, mwana wa wosula zitsulo wosauka ndi wodwaladwala. Kusukulu anangophunzirako kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera, ndipo ali ndi zaka 14 anamupereka kwa George Riebau kuti aphunzire ntchito yosoka ndi kukuta mabuku kwa zaka 7. Mabuku amene ankasoka ankawawerenganso, makamaka buku la kemisitiri limene Mayi Jane Marcet analembera anthu osadziwa kanthu za nzeruyi. Koma kuwerenga kokha sikunamukwanire, pakuti ankafuna kuona ndi maso ake. Sheleni ya pakhomo analibe, ndipo anamulipirira ndi mkulu wake Robert, amene nayenso anali wosula zitsulo. Pakati pa 1810 ndi 1811 Faraday anamvera maphunziro oposa khumi m'nyumba ya Tatum.

Mnyamatayo anali ndi chizolowezi chimene chinasintha moyo wake. Zonse zimene ankamva ankazilemba mwachidule pomwepo, ndipo akafika kunyumba ankazilembanso bwinobwino, n'kujambula zipangizo zimene anaona, mpaka anasoka mabuku anayi. Riebau anaonetsa mabukuwo kwa munthu wina wogula pa sitolo yake, ndipo munthuyo anapatsa Faraday matikiti okamvera Humphry Davy, katswiri wamkulu wa kemisitiri wa masiku amenewo, ku nyumba ya sayansi yotchedwa Royal Institution. M'chaka cha 1812 Faraday anamvera Davy kanayi, analemba zonse monga mwa chizolowezi chake, nasoka buku ndi kulitumiza kwa Davy pamodzi ndi kalata yopempha ntchito. Mu Marichi 1813 analembedwa ntchito yothandizira m'chipinda choyeseramo mankhwala.

Atapeza ntchito yotere sanatembenukire anzake msana. Anakhala membala wa kabungwe ka Tatum, ndipo mu Januwale 1816 ndi m'menemo anaimirira koyamba kuphunzitsa pamaso pa anthu. Kufikira 1818 anapereka maphunziro a kemisitiri oposa khumi kwa anzakewo. Iye ndi mamembala ena ochepa ankakumananso padera kuti aziwerengerana zimene alemba ndi kukonzana pa kalankhulidwe, mosanyengererana ndiponso mosakwiyirana. M'makalata amene analembera bwenzi lake Benjamin Abbott m'chaka cha 1813 muli malangizo oyenera bungwe lililonse: chipinda chikhale chowala ndi cholowa mpweya wabwino, wophunzitsa asafulatire omvera, aonetse chinthucho m'malo mongochitchula, ndipo asapitirire ola limodzi.

Zipatso zake zikudziwika pa dziko lonse lapansi. M'chaka cha 1825 Faraday anatulukira mankhwala otchedwa benzene, ndipo mu 1831 anaonetsa kuti maginito akamayendetsedwa pafupi ndi waya wokulungidwa, m'wayamo mumabadwa mphamvu ya magetsi. Makina a pa mathithi a Nkula, pa mtsinje wa Shire, amene anayamba kugwira ntchito mu 1966, amapanga magetsi potsata lamulo lomwelo. Amene amayatsa getsi m'nyumba mwake ali ndi ngongole kwa wosula siliva uja, ndiponso kwa wosula zitsulo amene analipira sheleni.

Komatu chimene chikukhudza kwambiri bungwe lino ndi m'mene Faraday anabwezera ngongole yakeyo. M'chaka cha 1825 ku Royal Institution kunayamba maphunziro a ana a pa nyengo ya Khirisimasi, amene akuchitikabe kufikira lero, ndipo Faraday anawatsogolera zaka 19. Otchuka koposa anali maphunziro asanu ndi limodzi a kandulo, amene anasindikizidwa m'buku m'chaka cha 1861. Munthu amene mafumu ndi akatswiri ankamulemekeza anasankha chinthu chopezeka m'nyumba ya mmphawi aliyense, n'kufunsa mafunso amene mwana angafunse.

N'chifukwa chiyani phula losungunuka silitayika lonse? Chifukwa mpweya wozizira wokwera m'mbali mwa kandulo umalimbitsa m'mphepete, ndipo pamwamba pamakhala ngati kambale. Nanga phulalo limafika bwanji ku moto? Limakwera m'chingwe monga m'mene madzi amakwerera m'nsalu imene nsonga yake yagwera m'beseni. Chimene chimayaka si phula lolimba kapena lamadzimadzi, koma nthunzi yake. Umboni wake ndi wakuti kandulo ikangozimitsidwa, machesi oyaka akayandikizidwa ku utsi woyera uja, moto umalumpha ndi kubwerera pa chingwe. Kuwala kwa lawi kumachokera ku timakala tating'onoting'ono totentha kwambiri, ndipo mbale ikaikidwa m'lawimo timakalato timamatirira ngati mwaye. Botolo lozizira likagwiridwa pamwamba pa lawi limachita chinyezi, kusonyeza kuti moto umabala madzi. Kandulo ikavundikiridwa ndi botolo imazima, pakuti imasowa okosijeni, amene ndi gawo limodzi chabe mwa magawo asanu a mpweya. Madzi a laimu odikha bwino akathiridwa m'botolomo ndi kukhutchumulidwa, amasanduka oyera ngati mkaka, chifukwa cha mpweya wotchedwa kaboni dayokisaidi umene moto wasiya. Ndipo munthu akauzira m'madzi a laimu ena ndi kabango, nawonso amayera chimodzimodzi. Apa ndi pamene Faraday ankafikitsa ana aja: moto ndi munthu amapuma mpweya umodzi, ndipo amatulutsa mpweya wofanana.

Wina angafunse kuti nzeru yotere ithandiza chiyani kumudzi. Yankho lili pa mbaula. M'miyezi ya Juni ndi Julayi anthu amalowetsa mbaula m'nyumba, n'kutseka chitseko ndi mazenera, n'kugona. Makala akamayaka pamene mpweya ndi wochepa amatulutsa mpweya wina wakupha wotchedwa kaboni monokisaidi, umene ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo suyabwa m'maso monga utsi. Umagwirana ndi magazi mwamphamvu kuposa okosijeni koposa ka 200. Munthu wamaso amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, koma wogona sadzuka. Mankhwala ake oyamba ndi kutsegula zitseko, kumutulutsa panja ndi kuthamangira naye kuchipatala. Pamene nzeruyi palibe, anthu akapezeka atafa m'nyumba yotseka opanda bala lililonse, mudzi umayamba kufuna mfiti, ndipo kawirikawiri chala chimaloza nkhalamba yosalakwa. Potero maliro amodzi amabala mlandu, udani ndi kusamuka. Munthu amene anaonapo ndi maso ake kandulo ikuzima m'botolo savutika kumvetsa chifukwa chake mbaula iyenera kugona panja.

Chifukwa chake Komiti ikupemphedwa kuganizira mfundo zinayi izi m'chaka chikubwerachi.

Choyamba, Bungwe lipatule tsiku limodzi pa mwezi la kuphunzitsana, losiyana ndi tsiku la madandaulo ndi makalata, ndipo phunziro lisapitirire ola limodzi.

Chachiwiri, udindo wophunzitsa uziyenda mozungulira. Mphunzitsi wa sayansi, mlangizi wa zaulimi ndi mlangizi wa zaumoyo aitanidwe, koma mamembala nawonso aimirire. Wowotcha njerwa, wosula makasu, mayi wocheza chidulo ndi mayi woviika chinangwa chowawa m'madzi kuti ululu uchoke, onsewa amagwira ntchito ya kemisitiri ngakhale sanamvepo dzina lake. Mmisiri afotokoze m'mene amachitira, ndipo wophunzira afotokoze chifukwa chake zimatero.

Chachitatu, zonse zikambidwe m'chinenero cha anthu, ndipo chinthu chilichonse chionetsedwe patebulo. Chitseko chikhale chotsegukira amayi, ana a sukulu ndi anthu amene si mamembala. Funso lililonse lilandiridwe mwaulemu, pakuti akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chachinayi, Mlembi asunge buku la zonse zophunzitsidwa, ndipo ana a sukulu alimbikitsidwe kulemba mabuku awo. Mwana amene aonetsa khama pa zimenezi dzina lake lifike ku Komiti, kuti pokambirana za thumba la maphunziro akumbukiridwe.

Zofunika pa msonkhano woyamba ndi kandulo imodzi, machesi, mabotolo awiri oyera, mbale, kabango ndi laimu pang'ono, amene ayenera kugwiridwa mosamala kuti asagwere m'maso. Mtengo wa zonsezi sungasautse Msungichuma. Kabungwe ka Tatum kanalibe nyumba yakeyake, kanalibe thandizo la Boma, ndipo sikanakhale zaka zambiri, koma kanasunga tsiku lake la Lachitatu mokhulupirika, ndipo kanatsegulira chitseko mnyamata wosoka mabuku. M'boma lino muli ana anzeru ambiri amene sukulu anailekera panjira chifukwa cha fizi, ndipo Bungwe lili ndi chipinda, mabenchi ndi anthu odziwa ntchito zawo. Chatsala ndi kusankha tsiku.